Dzina la agogo pa mwana wakhanda: mmene a Amish amatchulira ana awo

Wogawa makalata m'midzi ya boma la Lancaster, ku Pennsylvania m'dziko la America, ali ndi ntchito yofuna mutu wozizira. Pa msewu umodzi wa kumafamu angapeze nyumba zingapo za anthu otchedwa John Stoltzfus, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi Mary kapena Rebecca wake. Eni mudziwo sasokonezeka ngakhale pang'ono. Amadziwa kuti John uyu ndi wa ndani, uyo anakwatira kwa yani, winayo ndi uja amakonza ngolo. Mlendo yekha ndiye amazunguzika.

Anthuwa ndi a Amish, Akhristu amene ambiri timawadziwa chifukwa cha ngolo zawo zokokedwa ndi mahatchi, zipewa zazikulu, ndevu zopanda za pamlomo wam'mwamba, ndi kukana kulumikiza nyumba zawo ku mawaya a magetsi. Mayina awo ndi ochepa modabwitsa, ndipo kuchepako kuli ndi zifukwa ziwiri: china chagona m'mbiri ya ulendo wawo, china m'chikhulupiriro chawo.

Mabanja ochepa amene anawoloka nyanja

Muzu wa a Amish uli ku Switzerland. M'mwezi wa Januwale 1525, mumzinda wa Zurich, kagulu ka Akhristu kanayamba kubatizana akuluakulu okhaokha, ponena kuti ubatizo uyenera munthu amene wasankha yekha kutsata Khristu, osati khanda losadziwa kanthu. Adani awo anawatcha Anabaptist, kutanthauza obatizanso. Boma ndi mipingo ikuluikulu zinawazunza koopsa. Mmodzi wa atsogoleri awo, Felix Manz, anamizidwa mu mtsinje wa Limmat mu 1527.

Patapita zaka zoposa 160, mu 1693, gululi linagawanika. Mtsogoleri wina, Jakob Ammann, telala wa m'dera la Bern amene anasamukira ku Alsace (dera limene lero lili ku France), ankafuna kuti wochotsedwa mumpingo azisalidwa ndithu, osadya naye pamodzi. Ena, motsogozedwa ndi Hans Reist, anaona kuti zimenezo zanyanya. Otsatira Ammann ndiwo anakhala a Amish. Choncho ngakhale dzina la mtundu wonsewu ndi dzina la munthu.

Oyamba kupita ku America anafika ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1700, ena a iwo pa sitima yotchedwa Charming Nancy imene inakocheza ku Philadelphia mu 1737. M'zaka zana limenelo anawoloka anthu pafupifupi 500 okha, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anatsatira ena pafupifupi 3,000. Ku Ulaya mpingowu unatha pang'onopang'ono, ndipo wotsiriza unalowa mwa a Mennonite, mpingo wina wa obatizanso, mu 1937. Ku America zinayenda mosiyana. Cha m'chaka cha 1900 a Amish anali ngati 5,000, koma pofika 2024 anali atakwana pafupifupi 400,000. Salalikira kuti akope anthu akunja, ndipo akunja amene amalowa mpingowu ndi owerengeka. Kuchuluka konseku ndi kwa kubereka: banja limodzi limakhala ndi ana asanu ndi mmodzi, asanu ndi awiri, ena kuposa apo, ndipo ana ambiri akakula amabatizidwa n'kukwatirana mumpingo momwemo.

Apa mpamene pachokera kuchepa kwa mayina abanja. Ku Lancaster mumamva Stoltzfus, King, Fisher, Beiler, Lapp, Esh ndi Zook. Ku boma la Holmes, ku Ohio, kuli Miller, Yoder, Troyer, Raber ndi Hershberger. Kumpoto kwa Indiana kuli Miller, Yoder ndi Bontrager, pamene ku boma la Adams, ku Indiana komweko, kwadzaza a Schwartz, amene makolo awo anabwera mochedwerapo kuchokera ku Switzerland ndi madera oyandikana nako. Mu Amish akangomva dzina labanja amatha kuganiza dera limene munthu wachokera.

Ena mwa mayinawa ndi a ntchito. Miller ndi Müller wa Chijeremani, mwini chigayo. Fisher ndi msodzi, Weaver ndi woluka nsalu, Kauffman ndi wamalonda. King anali König, mfumu, ndipo Schwartz ndi wakuda. Awiri amene amandikoka mtima ndi Stoltzfus ndi Yoder. Stoltzfus m'Chijeremani ndi "phazi lonyada", mwina loyambira pa kayendedwe ka kholo lina lakale. Linafika ku America ndi Nicholas Stoltzfus mu 1766, ndipo lero pafupifupi mmodzi mwa a Amish anayi alionse a ku Lancaster ali ndi dzina limeneli. Yoder ndi Joder wa ku Switzerland, chidule cha Theodore, bishopu wa m'zaka za m'ma 300 wa m'dera la Valais, amene anthu a m'mapiri a kumeneko ankamulemekeza ngati woyera. Theodore m'Chigiriki ndi mphatso ya Mulungu. Anthu amene analeka kupembedzera kwa oyera zaka 500 zapitazo akuyendabe ndi dzina la woyera, chifukwa dzina labanja silimva za kusintha mpingo.

Dzina lopanda mwambo

Popeza a Amish sabatiza makanda, kutcha dzina kulibe mwambo wa kutchalitchi. Kulibe ankhoswe a ubatizo, kulibe tsiku loti mbusa alengeze dzina pamaso pa mpingo. Bambo ndi mayi amagwirizana, dzina limalembedwa pa chikalata cha boma, basi. Pakapita masabata angapo khandalo amapita nalo ku mapemphero, amene amachitikira m'nyumba za akhristu mosinthanasinthana, Lamlungu limodzi pa masabata awiri. Ubatizo umadza mwanayo atakula, kawirikawiri pakati pa zaka 18 ndi 22, ndipo susintha dzina.

Nkhani ya kubadwa imafalikira kudzera m'makalata ndi m'nyuzipepala zawo. The Budget, imene inayamba mu 1890 ku Sugarcreek, Ohio, imasindikiza makalata a alembi a m'midzi ya a Amish ofotokoza za nyengo, alendo, odwala, maliro ndi ana obadwa. Mlembi akamanena za khanda nthawi zambiri satchula makolo okha, amatchulanso agogo. Wowerenga wa kutali amafuna kudziwa kuti mwanayo walowa mu mzere uti.

Baibulo ndilo nkhokwe yaikulu

John A. Hostetler, amene anabadwira m'banja la a Amish ndipo anadzakhala katswiri wofufuza za moyo wa anthu akwawo, analemba kuti mayina ofala a amuna ku Lancaster anali John, Amos, Samuel, Daniel ndi David, ndipo a akazi anali Mary, Rebecca, Sarah, Katie ndi Annie. Pafupifupi onsewa wowerenga Baibulo la Chichewa amawadziwa kale, kungoti kalembedwe n'kosiyana.

John ndi Yohane, lochokera ku Chiheberi, "Yehova wachita chisomo". Annie kapena Anna ndi Hana, ndipo muzu wake ndi womwewo: chisomo. Daniel ndi "Mulungu ndiye woweruza wanga". David ndi wokondedwa. Samuel anthu ambiri amalimasulira kuti "Mulungu wamva", potsata mawu a Hana pa 1 Samueli 1:20 akuti anamupempha kwa Yehova. Amos, dzina la mbusa wa nkhosa wa ku Tekowa amene anakhala mneneri, limachokera ku mawu otanthauza kusenza katundu. Si dzina limene Akhristu ena a ku America amalikonda kwambiri, koma pakati pa a Amish a ku Lancaster lili ponseponse, ndipo n'zomveka kuti alimi akonde mneneri amene ananena yekha kuti iye ndi woweta ng'ombe ndi wosamalira mitengo ya nkhuyu.

Ku Ohio ndi ku Indiana mumamva kwambiri Eli ndi Levi. Eli ndi wokwezeka. Levi ndi dzina limene Leya anatcha mwana wake wachitatu ponena kuti tsopano mwamuna wake adziphatika kwa iye, monga akunenera Genesis 29:34. Jacob, amene amamufupikitsa kuti Jake, ndi uja anabadwa atagwira chidendene cha mkulu wake. Isaac, kapena Ike, ndi kuseka. Jonas ndi Yona, nkhunda. Pali Moses amene onse amangoti Mose, pali Noah, Aaron, Enos, Gideon ndi Ephraim. Palinso Elam, mwana wa Semu wotchulidwa pa Genesis 10:22, dzina limene ambiri a ife timalidumpha powerenga mibadwo, koma ku Lancaster ndi la anthu amoyo ambirimbiri.

Kwa akazi, Sarah ndi mfumukazi, ndipo Sadie ndi chidule chake. Rachel ndi nkhosa yaikazi. Naomi ndi wokondweretsa, n'chifukwa chake mwini dzina atafedwa anapempha kuti azimutcha Mara, kuwawa. Elizabeth, amene kumudzi ndi Lizzie, ndi "Mulungu ndiye lumbiro langa". Martha ndi la Chiaramu, mayi mwini nyumba. Lydia ndi mkazi wa ku dziko la Lidiya, monga uja wogulitsa nsalu zofiirira wa pa Machitidwe 16. Mattie kawirikawiri amaimira Magdalena, mkazi wa ku Magadala.

Limodzi lofunika kulifotokoza padera ndi Tobias, kapena Tobe, "Yehova ndi wabwino". Limachokera m'buku la Tobiti, limene mulibe m'Mabaibulo ambiri a Chipulotesitanti koma lili m'Baibulo la Chijeremani la Martin Luther limene a Amish amawerenga. Nkhani ya ukwati wa Tobiasi ndi Sara imafotokozedwa pa maukwati awo mpaka lero, choncho mwana wa Amish amakula akulimva dzinali.

Chipangano Chakale chili ndi gawo lalikulu chonchi chifukwa, mmene ndikuonera, moyo wa makolo a m'Genesis umafanana ndi wawo: ziweto, minda, ana ambiri, kusamuka kukafuna malo, ndi kukhala mtundu wopatulika pakati pa mitundu ina.

Otsala a ku Ulaya

Si onse a m'Baibulo. Katie ndi Katharina, limene kuyambira kale limalumikizidwa ndi mawu a Chigiriki otanthauza woyera mtima. Barbara ndi la Chigiriki, mlendo. Emma ndi la Chijeremani chakale. Awa anali mayina wamba a alimi a ku Switzerland ndi ku Alsace, ndipo anakwera nawo sitima.

Fannie ali ndi ulendo wautali. Kwa Angerezi ndi chidule cha Frances, koma m'mabuku a mibadwo ya a Amish, Fannie amabwerera kwa Veronica kapena Verena, amene pakamwa pa anthu a ku Switzerland anasanduka Freni. Verena ndi woyera wolemekezedwa ku Zurzach, ku Switzerland, ndipo mbiri ya mpingo imati anachokera ku Thebes, ku Iguputo. Mtsikana wovala kachipewa koyera ku Ohio angakhale akuyenda ndi dzina limene linatchuka chifukwa cha mayi wa m'mbali mwa mtsinje wa Nile.

Christian ndi lofala kwambiri, ndipo amalifupikitsa kuti Christ. Alendo amadzidzimuka akaliona lolembedwa pa chikwangwani cha shopu, koma eni ake amalitchula "Krist", mosiyana ndi mmene Chingerezi chimatchulira dzina la Ambuye. Menno ndi dzina la Menno Simons, wansembe wa Katolika wa ku Friesland, ku Netherlands, amene analowa gulu la obatizanso mu 1536, ndipo zolemba zake a Amish amaziwerengabe. Dzina lenilenilo ndi la Chifirizi, chilankhulo cha ku Friesland, ndipo muzu wake ndi mphamvu, koma palibe kholo la Amish limene limatcha mwana Menno poganizira mphamvu. Limaganizira Simons, kapena makamaka malume ake a mwanayo amene nawonso ndi Menno.

Tanthauzo lili mwa munthu

Apa ndi pamene mindandanda ya mayina ndi matanthauzo ake imaphonya. Imapereka chithunzi cha mayi woyembekezera akutsegula buku kufunafuna dzina la tanthauzo lokoma. Ife Achewa tingagwe msanga mu msampha umenewu, chifukwa mayina athu ambiri amalankhula okha. Mavuto, Chikondi, Tadala, Mphatso: aliyense akalimva amadziwa zimene zinali mumtima mwa makolo. Kwa a Amish si choncho. Kunyumba amalankhula Chijeremani chawo cha ku Pennsylvania, kusukulu Chingerezi, ndipo Chiheberi sachidziwa. Dzina la Rachel silimukumbutsa mayi za nkhosa. Limamukumbutsa mayi ake omubereka, kapena mkulu wake amene anakwatiwa kutali.

Mwana amatchedwa dzina la agogo, la bambo, la malume, la azakhali. Si lamulo lolembedwa, ndi chizolowezi chozama. Ndipo agogowo sakhala kutali. Pa famu ya a Amish, makolo akakalamba amasiyira mwana wawo nyumba yaikulu n'kulowa m'kanyumba kolumikizana nayo kotchedwa Dawdi Haus, nyumba ya agogo. Samuel wamng'ono amakula akuona Samuel wamkulu tsiku ndi tsiku, akumuthandiza kudyetsa mahatchi. Agogo amene ali ndi ana khumi angakhale ndi adzukulu angapo a dzina lawo, ndipo palibe amene amaona kuti wina walanda dzina la mnzake.

Chifukwa chachiwiri n'cha chikhulupiriro. A Amish ali ndi mawu awiri amene amabwerabwera m'maulaliki awo: Hochmut, kudzikuza, ndi Demut, kudzichepetsa. Chilichonse chokweza munthu pamwamba pa anzake amachikayikira. N'chifukwa chake zovala n'zofanana, ngolo za mumpingo umodzi n'zofanana, sakonda kujambulidwa, ndipo kumanda miyala yonse ndi yaing'ono, yolingana. Dzina lachilendo, losankhidwa kuti mwana aoneke wapadera, lili ngati chovala cha mawangamawanga pakati pa zovala zakuda. Palibe bishopu amene amagawa mndandanda wa mayina ololedwa, koma makolo amadziwa okha zimene zingadabwitse anthu.

Ine ndimaona nzeru m'menemu. Mwana amene wapatsidwa dzina la agogo sanasenzetsedwe ntchito yokhala wapadera. Walowa pamalo pokonzedwa kale, pakati pa anthu amene akumudziwa asanayambe n'kuyenda komwe. Mtengo wake uliponso: amene wasankha kutuluka mumpingo amapita ndi dzina limene limamuulula kulikonse, ndipo limamukumbutsa tsiku lililonse za anthu amene wawasiya.

Nanga amasiyanitsana bwanji?

Njira yoyamba ndi chilembo chapakati. Mwamwambo a Amish ambiri alibe dzina lachiwiri, ali ndi chilembo chokha. Ku Lancaster chimakhala chilembo choyamba cha dzina labanja la kwawo kwa mayi. Tiyerekeze kuti bambo ndi King ndipo mayi anabadwira kwa a Lapp: ana onse, amuna ndi akazi, adzakhala ndi L pakati. Ku Ohio ndi madera ena oyandikira, chilembocho chimachokera ku dzina loyamba la bambo, choncho ana onse a Eli amakhala ndi E. Chilembo chimodzi chokha chikuuza wodziwa kuwerenga kuti munthuyu ndi wa nyumba iti.

Njira yachiwiri ndi ya pakamwa, ndipo ndiyo imagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Amalumikiza mayina ngati unyolo: John wa Sam wa Eli, kutanthauza John mwana wa Sam, mdzukulu wa Eli. Dzina labanja silitchulidwa n'komwe, popeza silithandiza kanthu pamene theka la mudzi lili nalo. Mkazi wokwatiwa amadziwika ndi dzina la mwamuna wake patsogolo: Katie mkazi wa Joe amakhala Joe Katie. Banja lonse amalitchula ndi dzina la bambo mochulukitsa, monga mmene ife tinganenere kuti kwa a Joe.

Njira yachitatu ndiyo yokoma: mayina osereula. Anthu amene safuna kusiyanitsa mwana pomutcha dzina amadzamusiyanitsa atakula, malinga ndi zimene moyo wake waonetsa. Ena amatchedwa ndi thupi lawo, wamtali, wonenepa, watsitsi lopotana. Ena ndi ntchito, monga wankhuku kapena wosula zitsulo, ena ndi malo amene famu yawo ili, kuphiri kapena kumtsinje. Ena amalitenga pa ngozi ya tsiku limodzi. Maurice Mook, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Pennsylvania, anasonkhanitsa mayina otere m'zaka za m'ma 1960, ndipo limodzi lodziwika ndi la Gravy Dan wa ku Holmes, amene pa chakudya cha opuntha tirigu anathira msuzi mu khofi poyesa mkaka. Dzina lotere limamatirira moyo wonse, ndipo nthawi zina ana amalilowa ngati chuma chamasiye.

Wotchuka kwambiri m'mbiri yawo ndi Jonas Stutzman, mu Amish woyamba kukhazikika m'dera la Holmes mu 1809. Atakalamba ankavala zoyera zokhazokha poyembekezera kubweranso kwa Yesu, ndipo anapala mpando waukulu woti Ambuye adzakhalepo. Anthu anamutcha Der Weiss, Woyerayo. Mpandowo ulipobe m'nyumba yosungira mbiri ya a Amish ndi a Mennonite ku Berlin, Ohio. A Jonas Stutzman akhalapo ambiri, koma Der Weiss ndi mmodzi.

Pofuna kusunga zonsezi, midzi ikuluikulu imasindikiza mabuku olemba banja lililonse, tsiku la ukwati, ana ndi masiku awo obadwa. Palinso mabuku a mibadwo, monga la mbumba ya Jacob Hochstetler limene linatuluka mu 1912. Mabuku amenewa athandizanso madokotala ofufuza matenda a chibadwa, amene amapezeka kwambiri pakati pa anthu ochokera kwa makolo ochepa chonchi.

Mayina atsopano

Zinthu sizinaime. Malo olima achepa ndipo akwera mtengo, choncho amuna ambiri a Amish lero ndi amisiri a matabwa, omanga nyumba, eni mashopu, ndipo kumpoto kwa Indiana ambiri amagwira ntchito m'mafakitale opanga makalavani. Akamacheza kwambiri ndi anthu akunja, amene iwo amangowatcha Angerezi, mayina a anthuwo amalowanso m'nyumba. Mayina a Chingerezi monga Elmer, Melvin, Marvin, Vernon, Wayne ndi Leroy analowa kalekale, moti ena mwa iwo tsopano amamveka a chi Amish kuposa a Chingerezi, chifukwa Aamerika ena anawasiya pamene a Amish akuwapatsirabe adzukulu. Kwa akazi kuli Linda, Loretta, Wilma ndi Marlene. Mabanja ena ayambanso kupereka dzina lachiwiri lathunthu m'malo mwa chilembo chokha.

Kusinthaku sikofanana ponseponse. Mipingo ya a Amish ilibe likulu limodzi, ndipo mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake otchedwa Ordnung. Magulu okhwimitsa zinthu, monga a Swartzentruber, amene salola ngakhale chizindikiro chofiirira cha makona atatu kumbuyo kwa ngolo, akugwiritsabe mayina akale okhaokha: Eli, Levi, Mose, Jacob, Lizzie, Fannie, Lovina. Kumene mpingo walola foni kushopu ndi magetsi a dzuwa padenga, m'kaundula wa sukulu mungapeze Kevin atakhala benchi limodzi ndi Amos. Mu Amish wa ku Ohio akamva mayina a ana a m'banja limene sakulidziwa, amatha kuganiza ngati kwawoko ngolo zili ndi galasi kutsogolo kapena ayi.